Mawaya Awiri Amene Munapota

Kebili, 14 Novembala

Achimwene Chokri,

Mtendere ukhale nanu. Muli bwanji ku Doha kumeneko? Msana uja wasiya kuvuta? Kuno mayi ali bwino, shuga yawo yatsikako. Mwamuna wanga Lotfi ndi ana nawonso ali bwino.

Ine ndiye sindili bwino. Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa pafoni mumandiseketsa ndisanamalize kulankhula, ndipo lero sindikufuna kuseka.

Lachisanu lapitalo, dzuwa lili paliwombo, pampu ya pachitsime inaima kufakitale. Mukudziwa mmene kumakhalira nyengo ino yokolola, zipatso za kanjedza zili milumilu, amayi makumi atatu atazungulira thanki yotsukira. Paipi inauma kwa mphindi makumi awiri. Mita yoyezera madzi ija munaika inu musanachoke inayamba kupenga, monga imachitira m'paipi mukakhala mopanda kanthu, n'kumauza pampu ya kolorini kuti madzi akudutsa ambiri. Pampuyo inangomvera. Madzi atabwerera anakankhira mankhwala onsewo m'thanki nthawi imodzi.

Amayi otsuka aja anathawa akutsokomola, misozi ili chuchuchu. Zohra, mkazi wa Mabrouk wophika buledi uja, ali ndi mphumu. Anagwera pakhomo. Lero ndi tsiku lachisanu ali m'chipatala, ndipo mawu ake akutuluka ngati a munthu amene amupana pakhosi.

Abwana anafuna womuloza chala, ndipo anapeza a Bechir, mkulu woyang'anira mapampu. Akuti anasiya makina n'kupita kumzikiti. A Bechir anayankha kuti zaka makumi awiri akhala akupemphera pakatoni pambali pa pampuyo, komanso kuti makinawo amayenera kuima okha madzi akatha. Abwana amvekere makina salakwa, amalakwa ndi madala okana kupuma ntchito. Anawalanda makiyi pamaso pa anthu. Munthu amene ankakugawirani buledi ndi harisa wake, tsabola wosinja uja, muli wophunzira ntchito, anatuluka pageti atanyamula kaketulo kake ka tiyi.

Loweruka anandituma kukayendera mita. Ndinatsegula chivundikiro n'kuchita monga munandiphunzitsira inuyo. Mawaya awiri oyamba, otumiza magetsi ochepa aja kuchipinda choyang'anira, ndinawayeza: mphamvu ya magetsi inali mamiliampu anayi madzi ataima, makumi awiri atadzaza. Ali bwino. Awiri achiwiri, amene amagunda kamodzi pa malita khumi aliwonse kuti pampu ya kolorini ithire mankhwala, ali bwinonso.

Awiri achitatu ndi aja a chenjezo, amene amadula pampu ya kolorini paipi ikauma. Kumita anali omangidwa bwinobwino. Ndinawalondola mpaka m'bokosi lalikulu, ndipo kumeneko ndinawapeza atazulidwa. M'malo mwake munali timawaya tiwiri topotedwa pamodzi, tokulungidwa ndi tepi, kuti pampu izimva ngati zonse zili bwino masiku onse. Patepipo panali kapepala. Zolemba zanu ndimazidziwa, achimwene, si ndinu munandiphunzitsa kugwira cholembera? Munalemba kuti "Kwakanthawi", n'kuika tsiku. Zaka ziwiri zapitazo.

Chifukwa chake ndikuchidziwa, musavutike kundifotokozera. Mpweya unkalowa m'paipi, chenjezo linkaimitsa ntchito kangapo patsiku, abwana ankakukalipirani. Njira yothetsera vutolo inali kutsitsa mitayo pamalo poti paipi imakhala yodzaza nthawi zonse. Ntchito ya tsiku limodzi! Koma inu maso anali kale pandege. Munapota mawaya, munadya phwando lotsanzikana, munapita.

Ndinu amene munandimenya padzanja ndi sikuludiraiva chifukwa ndinasiya waya mmodzi wosalemba nambala. Munati, Olfa, waya sanama, amanama ndi amene wamumanga. Ndinalira tsiku limenelo, ndipo ndakhala ndikuwauza anthu mawu amenewa monyadira. Anthu amati manja a Olfa ndi a mchimwene wake. Lero ndimve bwanji?

Tsono imvani zanga. Kapepala kaja ndinakamatula n'kukaika m'thumba. Mawaya ndinawabwezera m'malo mwake. Abwana atandifunsa ndinati ndikufufuzabe. Masiku anayi ndakhala chete, ine mwana wa mayi anu, pofuna kubisa dzina lanu.

Dzulo ndinakumana ndi a Bechir kumsika. Sanadandaule. Anangofunsa ngati inu, amene amakutchani mwana wawo Chokri, mukudya mokwanira kuchilendoko, n'kunena kuti ndikupatseni moni. Anati mwina ukalamba wawapezadi, mwina pali chimene sanachione. Akuyamba kukhulupirira okha kuti analakwa! Ndinalephera kuwayang'ana kumaso. Nditafika kunyumba ndinakalipira ana popanda chifukwa, mpaka Lotfi anandifunsa ngati ndalumidwa ndi chinkhanira.

Ndakukwiyirani, achimwene. Mwandisandutsa wabodza muli kutali, osadziwa n'komwe.

Lachinayi m'mawa eni fakitale akubwera kudzamva nkhaniyi. Ndikaika kapepalako patebulo, ndipo ndikanenanso kuti ndinakabisa. Akandichotsa ntchito, andichotse. Chimene ndikupempha n'chakuti mawu anu afike ine ndisanalowe. Kalatayi ndiijambula n'kuitumiza pafoni lero lomwe, nthawi muli nayo. Alembereni kuti munapota ndinu. Kenako imbirani a Bechir, muwauze ndi pakamwa panu.

Musayerekeze kuimbira mayi kuti andiletse. Sakudziwa kanthu, ndipo akalira pamaso panga ndipitabe.

Mulungu akusungeni ndi kukulimbitsani mtima. Mundiperekere moni kwa alamu anga Najet, ndipo mumpsompsone mwana wanu Skander pachipumi.

Ndine mlongo wanu,
Olfa