Bwera Udzawakwiyitse Adada

Yofu, Likoma

Wokondedwa mlongo wanga Yoswa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako kumeneko ku Kepi, pamodzi ndi alamu anga a Cindy ndi ana. Ife kuno tadzuka, Mulungu akutisunga. Ndalemba kalata chifukwa pa foni ndikangotchula adada umati netiweki yavuta. Pepala sungalidule.

Ukuwadziwa adada ako. Palibe pa Yofu amene sanapsepo nawo mtima. Pamaliro ankakweza dzanja kukonza wowerenga mbiri ya malemu. Kutchalitchi ankayamba ndime kwaya isanapume n'komwe. Akatero ankabwera kunyumba akumwetulira, n'kuponya Chingerezi chija anabwera nacho ku Bulawayo: "I have ruffled their feathers." Amama akafunsa, ankati ndiye kuti iwo awavundula anthu nthenga ngati nkhuku. Ine ndinkafuna kulowa pansi ndi manyazi.

Lero Chingerezi chimenecho ndikuchilira, Yoswa.

Chitulukireni m'chipatala ndi matenda a mtima aja, adada asanduka nkhosa. Chilichonse akungoti chabwino. Ndinawapatsa dala tiyi wopanda shuga, anamwa n'kuthokoza.

Pamaliro a mnzawo a Nathaniel, wowerenga mbiri anati malemu ankagwira ntchito ku Joni, chonsecho anali limodzi ndi adada m'hotela imodzi ku Bulawayo. Anthu onse anacheukira kwa adada. Ngakhale wowerengayo anaima kudikira. Adada anangoyang'ana nsapato zawo. Amayi ena amene sanalire pamene mtembo unkatuluka analira pamenepo.

A Hector, aja akhala akulimbana nawo za malire a munda kuyambira tili ana, anabweretsa mbuzi zawo dzuwa likuswa mtengo n'kuzimangirira pakati pa chinangwa chathu, iwo n'kukhala pamwala kudikira kukalipiridwa. Adada anati zidye, nazonso n'za Mulungu. A Hector anamasula mbuzi zawo misozi ili m'maso, n'kundinong'oneza kuti munthu uyu akutsanzika.

Adokotala akuti mankhwala akugwira, koma wodwala wasiya kulimbana. Chakudya akungotola ngati mbalame.

Tsono imva. Sabata yatha mwana wanga Sofiya ankayimba nyimbo ya Pasaka akutsuka mbale, n'kunena kuti amalume a Yoswa ndiwo ankaitha. Adada anadzuka pamkeka okha, osagwira ndodo. Anati iwe Yoswa sudziwa nyimbo, umaikoka ngati ukonde wonyowa. Anati sadzaiwala tsiku lija unawachotsa mu kwaya pamaso pa anthu, iwe mphunzitsi wa kwaya wadzulodzulo, iwo atayamba kuyimba m'tchalitchi chachikulu cha ku Chipyela usanabadwe. Anakunyoza mpaka kutuluka thukuta. Tsiku limenelo anamaliza kondowole yense ndi usipa, n'kupempha wina.

Ndinathawira kuseri kwa khitchini kukalira ndi chimwemwe.

Ndikudziwa kuti anakulasa ndi mawu tsiku unkakwera sitima, kuti usadzapondenso pakhomo pawo. Koma nawenso usadziyeretse, pakamwa pako ndi pa adada pomwe. Ndakusowa, mlongo wanga. Ndasowa phokoso la inu awiri pakhonde, ine ndikukuletsani pachabe, amama akugwira m'mutu. Nyumba ino yangoti zii ngati tonse ndife alendo.

Bwera. Koma usabwere ndi kupepesa. Ukapepesa adzangoti chabwino, ndipo tidzawaika m'manda. Bwera udzawauze kuti amathamangira nyimbo, kuti mawu awo amaphimba anzawo, zonse zija unkanena. Ine ndayesa, sindikutha. Ndikawaputa amangondimvera chisoni. Watsala ndiwe wekha amene ungawavundule nthenga.

Mulungu akusunge pamsewu ndi panyanja. Undiperekere moni kwa alamu ndi ana, ndipo a Jeremy a ku Khuyu amene akubweretsera kalatayi uwalandire bwino. Amama akuti sakuleka kukutchula m'mapemphero. Sofiya akuti moni.

Adada ndawafunsa ngati ndilembe moni wawo. Akana kwamtuwagalu. Ati ndisawononge inki, ndipo ukabwera sadzakutsegulira. Kenaka andifunsa ngati sitima ikumafikabe Loweruka.

Ndine mlongo wako,
Eliness