Fisi amene anadya mbuzi za malowolo ali ndi mabatani

Aphungu,

Ndalemba kuti mtundu wonse udziwe, kudzera mwa inu, kuti ku Nchalo kuno kwafika chitukuko. Si mlatho ayi, si mjigo. Ndi kiyibodi ya kompyuta. Ikayaka imasinthasintha mitundu ngati holo ya ukwati, ndipo mwini wake, a Paison, amene ndikuyembekeza kumanga nawo banja, amaifunditsa kansalu kuti isalowe fumbi. Ine fumbi likandithira amangoti, "Ndi chilimwe chimenechi."

Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale. Kwathu n'kufupi ndi dambo la Elephant Marsh, komwe bambo anga amapha nsomba. A Paison ndi kalaliki ku esiteti ya nzimbe, kwawo ndi ku Chapananga. Akaweruka amasewera magemu owomberana pa kompyuta ndi anthu amene sanawaonepo, ndipo amafa pafupipafupi. Atafufuza chimene chimawapha anapeza kuti ndi chinthu chotchedwa "polling rate". Akuti kiyibodi yakale inkalankhula ndi kompyuta ka 125 pa sekondi, pamene yatsopanoyi imalankhula ka 8,000. Ine amandiimbira kamodzi pa sabata, nthawi zina kungofulasha.

Lamulungu lapitali anandikhazika pansi kuti ndione umboni. Anatsegula tsamba lina loyezera pa intaneti n'kuyamba kumenya mabatani ngati munthu wopuntha mapira. Thukuta kamukamu. Nambala imene inatuluka sinafike ngakhale pa 1,000. Anati, "N'kutenthaku, dali. Zinthu izi anazipangira kozizira." Anandisuntha pamene ndinakhala, pafupi ndi fani, n'kuikapo kiyibodiyo. Anayezanso. Chimodzimodzi.

Apo m'pamene ndinafunsa kuti kodi chodabwitsachi anachigula ndi chiyani. Aphungu, anagulitsa mbuzi ziwiri mwa zinayi zimene makolo anga anatchula pa malowolo. Mbuzizo anawasiyira malemu bambo awo, ndipo amaziweta ndi amayi awo. Kwa amayi awowo ananena kuti akukaperekeratu kwathu. Kwa bambo anga anatumiza uthenga woti zinagwidwa ndi fisi.

Bambo anga zinawakhudza. Anati, "Mwana wamasiye uja asavutike, ziwiri zatsalazo zikwana. Koma amayi ake tiwapepese." Panopa aika padera milamba yowamba, yonona yokhayokha, yoti adzapatse apongozi angawo Loweruka likudzali, mabanja awiriwa akamadzakumana ndi ankhoswe.

A Paison akuti ndiwathandize. "Iwe akakufunsa ungoti fisi. Zinazo ndithana nazo." Akonzanso kuti bambo akangoyamba kupepesa, ine ndilowe msangamsanga ndi beseni la madzi osamba m'manja, nkhani iduke.

Ndimawakonda, Aphungu. Chaka chatha nditadwala malungo anandinyamula panjinga, dzuwa likuswa mtengo, mpaka kuchipatala. Koma bambo anga sindinawanamizepo chinthu chotere. Kodi kiyibodiyi ili ndi phindu limene ine wa choko sindikuliona? Nanga Loweruka ndinene kuti fisi?

I.M., Nchalo

A I.M.,

Poyamba ndipepese fisi wa ku Chapananga, amene wasenza mlandu wa mbuzi ziwiri chikhalirecho anagona ndi njala.

Tiyambe ndi sayansi, popeza ndiyo yatidyera ziweto. Kompyuta imafunsa kiyibodi mobwerezabwereza kuti, "Alipo wadina?" Kuchuluka kwa mafunso amenewa pa sekondi ndicho chinthu chimene a Paison akuchifunditsa kansalu. Gawani sekondi imodzi m'tizigawo 1,000. Kiyibodi yakale ija inkafunsidwa pakadutsa tizigawo 8. Ya ka 1,000 imafunsidwa pa kagawo kalikonse. Ya ka 8,000 imangopulumutsapo kachibenthu ka kagawo kamodzi. Tsono kuphethira kokha kumadya tizigawo pafupifupi 100, ndipo uthenga wa gemu kuti uchoke ku Nchalo pa bandulo ya pafoni, ukafike kumakina akunja n'kubwerera, nawonso umadya tambirimbiri. Bwana wanuyo ali ngati munthu amene wakwera ngolo kuchokera ku Chapananga, n'kumeta ndevu kuti ng'ombe zipepukidwe.

Za muyeso uja, musaimbe mlandu dzuwa. Masamba otere amangoyerekeza poona nthawi imene mabatani akufika, ndipo zala khumi za munthu sizingathe kuonetsa 8,000, ngakhale ataonjezapo za kumapazi. Mwinanso kompyuta yawo silandira n'komwe liwiro limenelo. Fani sachiza zimenezi, bwererani pamalo panu. Polemba makalata ndiye palibiretu kusiyana: mlembi wothamanga chotani safika mabatani 20 pa sekondi, moti kiyibodi ya mu ofesi ya ahedi anu imamudikira ikuyasamula. Akatswiri opikisana, amene zida zawo zonse n'zapamwamba, mwina amapindulako pang'ono. A Paison amafa chifukwa anzawo amawombera bwino.

Tsopano za Loweruka. Beseni lija musalinyamule. Mudzalowa nalo kangati? Anthu amene apatsana milamba sasiya kucheza. Fisi ameneyu adzatchulidwa pa ukwati, pa ubatizo wa mwana wanu, kapena pamaliro a wina, ndipo tsiku limenelo onse adzakumbukira amene analowa ndi madzi anthu asanaitanitse chakudya.

Auzeni a Paison lero kuti za fisi inu mulibemo. Akwere okha kupita ku Chapananga akagwade pamaso pa amayi awo, amene akhala akuyenda ndi mbuzizo padzuwa kusaka madzi. Akachoka kumeneko atume nkhoswe yawo kwa bambo anu, Loweruka lisanafike, ikanene zoona n'kupempha nthawi. Kiyibodi igulitsidwe. Ku Blantyre kuli anyamata ambiri amene nawonso amafa pafupipafupi. Sibweza mbuzi ziwiri, mwina kamodzi kowonda, koma pakhale poyambira. Akakana zonsezi, pitani nokha kwa bambo anu milamba isanalowe m'dengu.

Ndipo poti m'nyumbamo mwalowa mzimu woyeza zinthu, nanunso yezani. Mukamaliza kulankhula, tcherani khutu mumve chimene afunse poyamba: za amayi awo, kapena za kiyibodi. Muyeso umenewo sufuna bandulo, ndipo kutentha sikuusokoneza.

Ndaseka mokwanira. Zimenezi n'zosavuta kulemba kwa ine amene Loweruka ndidzakhala pakhonde panga. Bambo anu akhoza kuimitsa zonse, a Paison akhoza kuthawa manyazi n'kukusiyani, ndipo amene anakupalasirani njinga muli ndi malungo uja ndi munthu yemweyu. Mwina mumutaya. Ngakhale zitayenda bwino, chilipo chimene sichibwerera. Bambo anu anachotsa mbuzi ziwiri pa malowolo chifukwa chomvera chisoni mwana wamasiye. Chisoni chimenecho nachonso chinapita pa kiyibodi, ndipo ine sindikudziwa msika umene mungakachiwombole.

Aphungu