Munga wa Yamikani

Lachitatu madzulo. Lero mwana wanga Yamikani wandipweteketsa mutu. Chibwerereni kuchokera ku tawuni, m'mawa uliwonse akumathamanga wosavala nsapato mumsewu wa ku Nsaru, ati mapazi amalimba ndipo msana supweteka. Ine ndinkagulitsa mtedza kuti mwana ameneyu asamaponde fumbi ngati ine!

Kuchigayo anaPhiri andinong'oneza: "Kodi mwana wanu uja ntchito inamuthera eti? Kapena ndi chamba?"

Pobwerako ndamupeza akutsimphina, munga uli m'chidendene. Ndauchotsa ndi singano, iye akukukuta mano, koma pakamwa osatseka: "Amayi, phazi likungozolowera."

Kuzolowera chiyani, minga? Nsapato zake ndamuikira pakhomo penipeni. Mawa akazidumpha, singano ndibisa, auzolowere mungawo.