Sitima ya Lachisanu ku Dar es Salaam

Pasiteshoni ya sitima,
Dar es Salaam, Tanzania.
Lachisanu, 26 Novembala 2004.

Okondedwa achemwali anga a Esnat,

Moni wochuluka. Muli bwanji inu ndi alamu? Kaya Tayamika chifuwa chija chinamusiya? Nanga ababa ndi amayi ku Khwethemule? Ine thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi.

Adiresi mwaiona kale pamwambapo. Eya, sindili ku Mzuzu. Msonkhano wa achinyamata a mpingo umene ndinawauza ababa uja kunalibe. Ndinanama. Chonde musang'ambe kalatayi, werengani mpaka pansi, nthawi yandithera.

Ndinabwera kuno ndi anzanga a ku koleji, Elson ndi Joan. Tinati tisanamangidwe ndi ntchito tione kaye dziko. Zikwama kumsana, chigumu ndi mtedza wokazinga, kugona m'maresitihausi a nsikidzi. Koma achemwali, sitima ya kuno! Kuchokera ku Mbeya imalowa m'mapanga a m'mapiri, mdima bii masana, ndipo nyamalikiti ndinamuona ndi maso angawa pawindo. Ku Bagamoyo tinalowa m'nyumba yakale imene akuti munkasungidwa akapolo, ena ochokera kwathu komweko. Ndinagwira khoma lake, misozi n'kungotuluka yokha, Elson n'kumandiseka kuti ndikulira maliro a zaka handiredi.

Apa ndiye panalakwika. Tinayenera kubwerera ndi sitima ya Lachiwiri. M'mawa mwake ine ndemwe ndinaumirira kuti tikaoneko mabwinja a mzikiti ndi manda akale ku Kaole. Pobwera minibasi inaphulika tayala. Tinafika pano sitima itapita kalekale.

Sitima zimachoka kawiri kokha pa mlungu, Lachiwiri ndi Lachisanu. Yalero ichoka isanakwane 4 koloko. Dzuwa lidzalowa tili m'njira, ndipo Sabata lathu lonse, kuyambira madzulo ano mpaka mawa Loweruka madzulo, lidzathera m'sitima, m'maminibasi ndi pachipata cha Songwe, kugula matikiti ndi kusinthitsa ndalama.

Tsono Lolemba 7 koloko ndikuyenera kukaonekera ku ofesi ya esiteti, kukayamba ntchito ija yoyang'anira minda ya tiyi. A Malizani, manijala, anandiuza okha kuti mvula yayamba, tiyi sadikira munthu, amene sabwera Lolemba malo ake apatsa wotsatira pa mndandanda. Pa intavyu tinalipo anthu makumi anayi, achemwali. Zaka ziwiri ndakhala ndikulemba makalata ofunsira ntchito, inu mukudziwa.

Masiku atatu onsewa ndakhala ndikudziuza kuti ndikwera. Elson akuti ndine chitsiru, woyenda si ine koma sitima, ine ndingokhala pampando n'kumaimba nyimbo za m'buku mpaka ku Mbeya. Joan, poti ndi Mkatolika, akuti tchimolo alitenga iye akaulule kwa ansembe pamodzi ndi ake. Ndinaseka nawo. Koma m'mawa uno nditaimika chikwama pamzere, ndinangochinyamulanso n'kuchokapo.

Ndinakumbuka chaka chija ababa anachotsedwa ukapitawo pa esiteti yomweyi atakana kutulutsa anthu kukathyola tiyi pa Sabata. Inu munasenza mphika ndi mphasa, ine ndili kumsana kwa amayi, kutuluka m'nyumba ya kampani mvula ikugwa. Mpaka lero pageti paja sadutsapo, amazungulira njira ya kumtsinje. Atamva kuti ndalembedwa komweko anangofunsa chinthu chimodzi, ngati Loweruka andipatsa. Ndinati andipatsa, zili m'kalata ya ntchito. Ndiye ntchito imeneyo ndikaifikire pothyola Sabata lomwelo? Bodza la ku Mzuzu landikwana kale.

Ndalama ya basi ndilibe. Lamya ya ku ofesi ndinayesa dzulo, inangolira. Mayi wa pawindo la matikiti wavomera kundisinthira tikiti kuti ikhale ya Lachiwiri, ndipo wandilozera tchalitchi chathu chimene chili chapafupi, akuti sangandikanize pogona. Kwathu ndingafike Lachinayi kapena Lachisanu.

Pempho langa ndi ili, ndipo ndikudziwa kulemera kwake. Elson afika kwanu ndi kalatayi Lamulungu madzulo kapena Lolemba m'bandakucha. Musadikire tiyi wa m'mawa. Pitani kwa ababa, muwauze zonse, musandibisire kanthu. Kenako muwapemphe avale jekete lawo, akalowe pageti paja, akandipemphere masiku anayi okha kwa a Malizani. Inu mutapita nokha, alonda akakubwezani pageti. Koma a Malizani anali kalaliki nthawi imene ababa ankachotsedwa, ndipo pa intavyu anandifunsa ngati ndili mwana wa a Abrahamu. Ndinavomera, ndipo ndinaona kuti ababa akuwakumbukabe. Ababa okha ndi amene angamveke.

Ndikudziwa kuti ndikutuma munthu amene ndinamunamiza kukagwada pakhomo limene analumbira kuti sadzapondapo. Akakana sindiwada. Koma yesani, achemwali, ndagwira mwendo wanu. Amayi muwauze pomaliza, atakhala pansi.

Anthu ayamba kukwera. Elson wandisungira malo pafupi ndi windo, akuti mwina nzeru zindibwerera. Chikwama changa Joan wachikweza kale kawiri, ine n'kukachitsitsa.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali a Kate ku Kapichi, ndi kwa Tayamika, muuzeni zigoba za kunyanja yamchere ndamutolera. Ambuye akusungeni nonse.

Ababa akafunsa ngati ndikudandaula, auzeni zoona, ndikudandaula kwambiri. Koma kalatayi mukailandira m'manja mwa Elson, dziwani kuti sindinakwere.

Ndine mlongo wanu,
Josiah