Waganyu Alibe Penshoni

Okondedwa achemwali anga a Dzigbodi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu ndi ana kumeneko ku Takoradi. Kodi bondo la alamu linasiya kuvuta? Kuno ku Ho mwana wanga Sedinam ali bwino, watalika mpaka wandipitirira. Ine ndiye sindili bwino, ndipo sindikubisirani.

Nyamakazi ija yandigwira zenizeni. Zala zatupa, zapindika, m'mawa sizitambasuka. Kwa wina amenewa ndi matenda chabe, koma ine mukudziwa kuti ndimadyera manja. Chiphunzirireni chinenero chamanja chifukwa cha mwana wanga wosamvayu, ntchito yanga yakhala yomweyo: kumasulira kukhoti Lachiwiri, kuchipatala akandiitana, ndi m'kabokosi ka pakona kaja pa nkhani za pa TV Loweruka. Munkandiseka kuti ndine bwana wa pakanema. Ubwana wake unali wa ganyu.

Mwezi watha ndinkamasulira mlandu wa bambo wina wosamva. Mlandu uli m'kati, iye analembera woweruza kuti sakutolapo kanthu pa zimene mayiwa akunena. Sindimuda, amanena zoona. Kukhotiko sanandiitanenso, ndipo a TV nawo apeza mtsikana wa zala zowongoka.

Ndiye ndinanyamula timapepala tanga tonse ta malipiro, ulendo ku ofesi ya penshoni, kukapempha ndalama imene amapatsa anthu amene matenda awalanda ntchito. Mtima unali m'malo. Pa kapepala kalikonse pali mzere wa ndalama yodulidwa, ndipo zaka zonsezi ndinkati ikusungidwa m'dzina langa.

Bambo wa pakauntala anangoyang'ana kapepala kamodzi. Akuti mayi, uwu ndi msonkho, unapita kalekale kukamanga misewu, mwina mwaupondaponso pobwera kuno. Akuti wolembedwa ntchito amamulipirira penshoni abwana ake, koma waganyu amabwera ndi miyendo yake kudzalembetsa, n'kumaponya yekha mwezi ndi mwezi. Ndinamufunsa kuti nanga podula msonkho ankandipeza bwanji, koma pondiuza zimenezi osandipeza? Akuti zimenezo mukafunse kwina anti, kumbuyo kwanuko kuli mzere.

Ndinapita ku TV. Mayi wa malipiro, yemwe ndadya naye nsima ya kenkey m'mbale imodzi zaka zonsezi, akuti Mawusi usatipatse mlandu, iwe si wathu, ndiwe mlendo wa Loweruka. Ndinalira m'minibasi ya trotro njira yonse, anthu n'kumandipepesa poyesa kuti ndaferedwa.

Achemwali, ndatopa ndipo ndili ndi mantha. Lendi ikutha pa Khirisimasi, ndipo mwini nyumba akufuna ya zaka ziwiri pamodzi monga mwa masiku onse. Ine ndibwerera kumudzi kwa amalume, kumene sangandikanize mphasa. Koma kumeneko kulibe sukulu ya ana osamva. Sedinam akapita nane, maphunziro ake athera pomwepo, azikangotunga madzi anthu akumuloza.

Kufupi ndi kwanuko sukulu yotere ilipo. Ndagwira mwendo wanu, mutengeni.

Ndikudziwa kuti m'nyumba mwanu mulibe wolankhula ndi manja, ndipo zimenezo zikundidya. Sadzakuvutitsani. Nsima yathu ya akple amaphika kuposa ine. Mukamufuna musamuponyere kanthu, mugwireni paphewa. Musazimitse magetsi asanamalize kunena zake, chifukwa mumdima iye alibe pakamwa. Amaseka mokweza, sadzimva, alamu asamukalipire. Mawu ochepa adzakuphunzitsani yekha ngati mungamupatse manja anu.

Dzulo ndinamukhazika pansi kuti ndimuuze. Ndinayamba bwino, koma zala zinauma pakati, mawu n'kumatuluka opunduka. Anandiyang'ana, sanamvetse. Kenaka anatenga manja anga, n'kuwapaka mafuta, n'kundiuza kuti amayi musalankhule lero, pumulani, tidzacheza zikapola.

Adokotala anandiuza kale kuti sizipola. Ndiye mpaka pano mwanayu sakudziwa kuti tikusiyana, ndipo sindikudziwa kuti ndimuuza ndi chiyani.

Mundiyankhe msanga, ngakhale yankho likhale lokana. Mundiperekere moni kwa alamu, ndi kwa ana anu Elikem ndi Makafui. Mawu awa ndi okhotakhota chifukwa cholembera chikundipulumuka, mundikhululukire. Mulungu akusungeni inu ndi nyumba yanu.

Ndine mng'ono wanu,
Mawusi