Galimoto Yozima Yokha pa Maloboti

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga. Kuno ku Perth tonse tili bwino, ndipo chifuwa cha Chisomo chinatha.

Boma kuno linakhazikitsa lamulo loti makampani azigulitsa galimoto zatsopano zosamwa mafuta ambiri. Alamu anu ankalitsutsa mpaka pakhomo pa tchalitchi, amvekere, "Mapikiapu adula. Nanga ife a ku depoti ya mafuta ku Kwinana tikagwira kuti ntchito?" Koma galimoto yathu yakale ija itafa, anagula yomweyo yoyendera mafuta ndi batire.

Lamulungu titaima pa maloboti ku Maddington, injini inangoti zii. Alamu anuwo amvekere, "Yazima. Mayi a Chisomo, tsikani mukankhe." Ine ndi nsapato zanga zagogoda ndinatsikadi n'kuyamba kukankha, azungu akundiyang'ana. Chisomo ndiye anasuzumira pawindo n'kutiuza m'Chingerezi chake chija kuti imazima dala, kusunga mafuta. Tinaseka mpaka misozi.

Pano za lamulo sakambanso. Akamadutsa pomwetsera mafuta amangoimba muluzu.

Mundiperekere moni kwa amayi, Mulungu akusungeni nonse. Chonde mukaimba foni musawafunse alamu anu za galimotoyi, chifukwa ndinawalonjeza kuti sindiuza munthu.

Ndine mlongo wanu,
Tadala