Beseni la Zingwe Limene Dokotala Sanaliyang'ane

Lachinayi, mwezi wa Meyi. Kwazizira, ndipo ndakhuta nyansi.

Lero Dr. Gondwe, amene tinkakhala desiki imodzi tili ana, anabwera m'kalasi yanga ya Fomu 4 kuno ku Katoto. Womuitana ndine, chitsiru. Ku Ulaya ankafufuza mmene mamolekyulu a pulasitiki amayendera. Amawaombera tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa manyutuloni, n'kuona mmene tanjanjira. Mamolekyuluwo ndi aatali ngati zingwe zopiringizana, ndipo lililonse limakwawa ngati njoka pakati pa anzake. Ndinachita kupiringiza zingwe za khonje m'beseni kuti awaonetsere ana.

Beseni sanaliyang'ane n'komwe. Anangoti "Monire mose," zala ziwiri m'mwamba, basi za nyali, chizindikiro cha matipate pa referendamu ikubwerayi, mpaka belu kulira. Akudzikonzera kale mpando ku Nyumba ya Malamulo.

Tiwonge, mtsikana amene amakhoza fizikisi kuposa onse, anakweza dzanja. "Sala, nanga manyutuloniwo amadziwa bwanji kuti chingwe chasuntha?"

Gondwe anati, "Zimenezo n'zovuta chomene kwa iwe, mwana wanga. Ukangowauza adada ako avote bwino."

Mwana anatsitsa dzanja pang'onopang'ono.

Mawa ahedi akundifuna ku ofesi, akuti ndabweretsa ndale m'kalasi. Ine! Mwiniwake wanyamuka kale pagalimoto, munthu amene popita ku Ulaya baji ya chipani cholamula inali phaa pachifuwa. Njoka yokwawa chonchi sifuna manyutuloni kuti uione.

Tiwonge ndimuyankha ndekha ndi beseni langa lomweli, ngati pofika piriyodi yachitatu ndidzakhale ndidakali mphunzitsi...